Aonjezi a Chingerezi Amene Alibe -ly

Palibe mphunzitsi wa Chingerezi amene sadanenepo m'kalasi kuti muonjezi timampanga pophatikira -ly kumapeto kwa mfotokozi. Lamuloli ndi lokoma kuphunzitsa. Ndi lalifupi, pabolodi limaoneka laudongo, ndipo ana amaligwira tsiku lomwelo: "slow" asanduka "slowly", "careful" asanduka "carefully", "quiet" asanduka "quietly". Pakangotha sabata ziŵiri, m'makope a ana omwewo mumayamba kupezeka ziganizo monga "He runs fastly" ndi "My mother works hardly in the garden". Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti olemba zimenezi si ana ogona m'kalasi ayi. Ndi aja amakhala kutsogolo, amene adamvetsa lamulolo, nalikhulupirira, naligwiritsa ntchito monga momwe adauzidwira. Cholakwacho chidachokera pabolodi.

Nkhani ino ndalembera inu amene mukukonzekera ntchito yauphunzitsi, makamaka amene mudzatumizidwe ku sukulu za kumidzi monga za kwa Kalembo, dera limene lidali mbali ya boma la Machinga kufikira mu 1998 pamene Balaka idakhala boma payokha. Mwana wa kumeneko kaŵirikaŵiri kunyumba amayankhula Chiyao. Pamsika wa Ulongwe ndi m'makalasi oyambirira amamva Chicheŵa. Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachitatu, ndipo nthaŵi zambiri amachimva kuchokera kwa munthu mmodzi yekha, ndiye inuyo. Mwana wa ku London amamva "run fast" kambirimbiri asadadziŵe n'komwe kuti kunja kuno kuli chinthu chotchedwa muonjezi, kotero kuti wina akanena "fastly" khutu lake limakana lokha. Wa kwa Kalembo alibe khutu lotere lomuwongolera. Chimene ali nacho ndi lamulo limene mwampatsa. Kumbukiraninso kuti kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chicheŵa amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo pa mayeso a MSCE wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena.

Zimene mwana amadziŵa kale

Chicheŵa chili ndi mchitidwe wofanana kwambiri ndi umenewu, ngakhale kuti ambiri sitiuzindikira. Aonjezi athu ambiri amchitidwe timawapanga ndi mo- kapena mwa-. Kusamala kumatipatsa "mosamala", kufulumira kumatipatsa "mofulumira", ulemu umatipatsa "mwaulemu", nzeru zimatipatsa "mwanzeru". Ntchito ya mo- ndi mwa- ndi yomweyo ya -ly, kungoti ife timaphatikira koyambirira pamene Angerezi amaphatikira kumapeto. Koma kodi mudamvapo munthu akunena kuti "Wayankhula mobwino"? Timati "Wayankhula bwino". Timati "Bwera msanga", "Wadya kwambiri", "Dikira pang'ono", "Adapita kale". Onseŵa ndi aonjezi, koma palibe mmodzi yemwe ali ndi mo- kapena mwa-. Ndipo "msanga" ali ndi mbale wake "mwamsanga". Onse aŵiri ndi olondola, monga momwe tidzaonere kutsogoloku kuti "slow" ndi "slowly" amakhalira limodzi. M'Chiyao namonso mwana amati "chenene" kutanthauza bwino, "chitema" kutanthauza msanga, "mnope" kutanthauza kwambiri, ndipo mawu atatuŵa alibe chizindikiro chimodzi chowagwirizanitsa.

Choncho mwanayo amabwera m'kalasi ali kale ndi mfundo imene tikufuna, yakuti muonjezi amadziŵika ndi ntchito yake m'chiganizo, osati ndi chovala chake. Amaonjezera tanthauzo la mneni, la mfotokozi kapena la muonjezi mnzake, ndipo amayankha mafunso akuti motani, liti, kuti, kapena mpaka pati. Mphunzitsi amene wayambira pa "bwino" ndi "msanga" safunika kupepesa akafika pa "fast", ngati kuti Chingerezi chachita zachilendo.

Kumene aonjezi ameneŵa adachokera

Ophunzira ena amaganiza kuti "fast" ndi "hard" ndi aonjezi amene adataya -ly chifukwa cha ulesi wa oyankhula. Mbiri ya chiyankhulocho ikusonyeza kuti sadakhalepo naye. M'Chingerezi chakale, chimene chinkayankhulidwa chisadafike chaka cha 1100, muonjezi ankapangidwa pophatikira -e kwa mfotokozi, ndipo -e ameneyo ankatchulidwa. Mfotokozi "heard" ankapereka muonjezi "hearde", "fæst" ankapereka "fæste", "deop" ankapereka "deope". M'kupita kwa nthaŵi anthu adaleka kutchula -e wakumapetoyo, ndipo pofika zaka za m'ma 1400 adali atazimirira m'kayankhulidwe. Atachoka iye, mfotokozi ndi muonjezi adatsala ofanana ndendende: "hard" ndi "hard", "fast" ndi "fast", "deep" ndi "deep".

Nanga -ly? Iye adachokera ku liwu lakale lakuti "lic", limene linkatanthauza thupi kapena maonekedwe, ndipo ndi pachibale ndi "like" wa masiku ano. Poyamba -lic ankapanga afotokozi, monga "freondlic", amene lero ndi "friendly". Kuti mfotokozi wotere akhale muonjezi ankamuonjezera -e uja, n'kukhala -lice. Pamene -e adagwa, -lic ndi -lice onse adathera pa -ly. Pang'ono ndi pang'ono anthu adayamba kumuona -ly ngati chizindikiro cha muonjezi, namuphatikira kwa afotokozi ambirimbiri. Olemba mabuku a galamala a m'zaka za m'ma 1700 adalimbikitsa zimenezi. Robert Lowth, amene pambuyo pake adakhala bishopu wa ku London, m'buku lake la galamala la mu 1762 adadzudzula olemba amene ankagwiritsa ntchito mfotokozi pamalo pa muonjezi. Aonjezi ambiri opanda -ly adatha, koma aafupi, amene anthu amawatchula tsiku ndi tsiku, adakanirira mpaka lero.

Sindikunena kuti mukafotokoze mbiriyi kwa ana a Sitandade 6. Ndi ya inu, kuti mwana akakufunsani chifukwa chake "fast" alibe -ly musamuyankhe kuti "Ndi mmene zilili basi", yankho limene limatseka pakamwa mwana wofuna kudziŵa.

Amene savuta, ndi amene amaluma

Pali aonjezi ena amene alibe mnzawo wa -ly m'Chingerezi cha lero. Oyamba kuwadziŵa ndi "fast", "straight", "long", "far", "soon" ndi "well". Mwana akalemba "fastly" kapena "straightly" walakwa, komabe woŵerenga amamva chimene akufuna kunena. Kulakwa kumeneku kumadetsa chimangirizo koma sikusokoneza uthenga, ndipo kumatha ndi kuyeseza.

Vuto lenileni lili pa mawu amene ali ndi mnzawo wa -ly, koma mnzawoyo akutanthauza zina. Apa mwana amalemba liwu limene lilipodi m'Chingerezi, mtanthauziramawu sangamutsutse, koma chiganizo chake chikunena zimene iye sakufuna. Mfumu ya onse ndi "hard" ndi "hardly". Taonani ziganizo ziŵiri izi:

It rained hard in January.
It hardly rained in January.

Choyamba chikuti mu Januwale mvula idagwa yamphamvu. Chachiŵiri chikuti mvula sidagwe kwenikweni, idangowaza. Mwana wa ku Balaka, kumene mvula imadula chimanga chisadamasule, safunika kumuuza kuti nkhani ziŵirizi nzosiyana. Imodzi ndi ya nkhokwe yodzaza, inayo ndi ya njala. "Hard" amatanthauza mwamphamvu kapena molimbika. "Hardly" kalekale ankatanthauza movutikira, ndipo kuchokera pa chinthu chochitika movutikira tanthauzo lidasunthira pa chinthu chimene chatsala pang'ono kusachitika konse. Lero liwuli lili m'gulu la mawu otsutsa. N'chifukwa chake silitenganso "not": timati "I can hardly hear you", osati "I can't hardly hear you". Limakondanso kuima patsogolo pa mneni, pamene "hard" amabwera pambuyo pake: "She works hard", koma "She hardly works".

Ganizirani mnyamata amene wamaliza Folomu 4 ndipo akulemba kalata yofunsira ntchito ku Liwonde kapena ku Blantyre, kapena uja wapita ku Joni, monga amachitira anyamata ambiri a m'maboma a Mangochi, Machinga ndi Balaka, ndipo akutumiza uthenga pa foni kwa munthu amene akufuna womsamalira pakhomo. Akalemba kuti "I am a man who works hardly", iye mumtima akuti ndine wolimbikira ntchito. Woŵerengayo, ngati sangoseka, amva zofanana ndi kuti munthuyu ntchito sagwira kwenikweni. Mnyamatayo sadzauzidwa chifukwa chake sadamuyankhe. Zilembo ziŵiri zimene adaphunzira ku pulaimale zamunenera zabodza.

Wachiŵiri pa kuluma ndi "late" ndi "lately". Poyendera ophunzira athu pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa, ndidamva pasukulu ina mmodzi wa iwo akufunsa mwana pakhomo la kalasi kuti "Why have you come lately?" Ana onse adamva, ndipo mosakayika adasunga. Kuchedwa ndi "late": "Why have you come late?" "Lately" ndiye kuti masiku ano kapena posachedwapa, ndipo kaŵirikaŵiri amayenda ndi "has" kapena "have": "The price of fish has gone up lately." Palibe chokhudza kuchedwa m'menemo.

Kenaka pali "near" ndi "nearly". "The elephant came near" ndiye kuti njovu idayandikira, chinthu chimene anthu oyandikana ndi nkhalango ya Liwonde amachidziŵa bwino. "The elephant nearly killed him" ndiye kuti idatsala pang'ono kumupha. Woyambayo ndi wa malo, wachiŵiriyo ndi wa muyeso. "High" ndi "highly" nawonso amasiyana chimodzimodzi. Mbalame imauluka "high", chifukwa tikunena za kutalika kumene maso akuona; koma mfumu ndi "highly respected", kutanthauza kuti imalemekezedwa kwambiri. Mukaika pamodzi "deep" ndi "deeply", "wide" ndi "widely", "close" ndi "closely", mudzaona kachitidwe kamodzi: wopanda -ly amanena za chinthu chimene mungachiyeze ndi chingwe, wa -ly amanena mophiphiritsa. Okumba chitsime amakumba "deep", wofedwa amamva chisoni "deeply". Chitseko timatsegula "wide", Chicheŵa ndi "widely spoken". Mwana amakhala "close" ndi mayi ake, koma mphunzitsi amayang'ana kope "closely". Kachitidwe kameneka n'kothandiza kukumbukira, koma musakasandutsenso lamulo lina losaphwanyika, chifukwa "hardly" ndi "lately" sakatsata.

Ena ongowatchula: "free" ndi mwaulere pamene "freely" ndi momasuka, kotero kuti kuyambira 1994 ana a pulaimale m'Malaŵi amaphunzira "free", koma m'kalasi timafuna kuti aziyankhula "freely". "Shortly" sakhudza kufupika, amatanthauza posachedwa.

Pali gulu linanso limene limakanganitsa aphunzitsi m'chipinda chawo: "slow" ndi "slowly", "quick" ndi "quickly", "loud" ndi "loudly", "cheap" ndi "cheaply". Apa tanthauzo silisintha. "Go slow", "Come quick" ndi "Don't talk so loud" ndi Chingerezi chimene eni ake amayankhula, ndipo chili ndi mbiri yaitali monga taonera. Wopanda -ly amamveka poyankhula, makamaka m'ziganizo zazifupi zolamula, ndipo amangobwera pambuyo pa mneni. Simunganene kuti "He slow opened the door". Ana ndimawalangiza kuti polemba chimangirizo kapena mayeso azisankha wa -ly, chifukwa ndiye amene wochonga aliyense angamulandire. Koma inu musamakalipire mwana amene wanena "Come quick" pabwalo lamaseŵero. Poyerekeza zinthu, ngakhale mphunzitsi wokhwima pa galamala amati "Speak louder", ndipo palibe njira ina yonenera "Run faster" kapena "Work harder". "More fastly" kulibe.

Tsidya lina la vutoli

Lamulo lakuti muonjezi ali ndi -ly limabala mwana wake, lakuti liwu lililonse la -ly ndi muonjezi. Mukapatsa kalasi ndime kuti atseke mzere kunsi kwa aonjezi, ambiri amangosaka -ly osaŵerenga n'komwe, ndipo amakola "friendly", "lovely", "lonely", "ugly" ndi "silly", amene ndi afotokozi. Sitinganene kuti "She greeted us friendly". Timati "She greeted us in a friendly way". Pamene "early", "daily", "weekly" ndi "monthly" amagwira ntchito zonse ziŵiri: "the early bus" ndi "The bus left early". Dziŵaninso kuti pambuyo pa aneni monga "look", "taste", "smell" ndi "feel" pamabwera mfotokozi ngati tikufotokoza mwininkhani. "The relish tastes good" ndi cholondola, chifukwa chokoma ndi ndiwo, osati kalaŵidwe kake. Mwana wokonda -ly amafuna kulemba "The flowers smell sweetly" ndi "She looks happily".

M'kalasi

M'mera mpoyamba. Chinthu choyamba ndi kusintha kanenedwe ka lamulo lenilenilo. M'malo monena kuti aonjezi amathera ndi -ly, nenani kuti aonjezi ambiri amchitidwe amathera ndi -ly koma ena alibe, ndipo tsiku lomwelo muike "fast", "hard" ndi "well" pabolodi pambali pa "slowly" ndi "carefully". Ena amaopa kuti zimenezi zisokoneza ana. Ine ndimaona kuti chosokoneza kwambiri ndi kumuuza mwana mu Sitandade 5 kuti lamulo ndi ili, n'kudzamuuza mu Sitandade 7 kuti lamulo lija linali losakwanira, iye atalemba kale "fastly" zaka ziŵiri.

Khutu liyambe, cholembera chitsatire. Tulutsani kalasi pabwalo, ngati simuli kale pansi pa mtengo, ndipo mupereke malamulo oti ana achite ndi thupi: "Run fast. Walk slowly. Jump high. Stand straight. Push hard. Bend low. Sit quietly." Sakanizani dala a -ly ndi opanda -ly. Kenaka ana alamulane okha aŵiriaŵiri, wachitatu n'kunena zimene waona: "She is running fast." Kalasi likhale la ana 40 kapena 120, seŵero limeneli limatheka, ndipo silifuna buku. Cholinga chake ndi kumpatsa mwana khutu lija tidati alibe, kuti "run fast" akhale ngati liwu limodzi m'kamwa mwake.

Mukabwerera pabolodi lembani ziganizo ziŵiriziŵiri zochokera ku moyo wawo:

This is a fast bicycle. It goes fast.
Picking cotton is hard work. We work hard.
The M3 is not a straight road. Go straight to the market.

Funsani kuti "fast" woyamba akufotokoza chiyani, ndipo mwana abwere adzajambule muvi kuchokera pa "fast" kupita pa "bicycle". Wachiŵiri muvi wake upite pa "goes". Muvi wopita pa dzina ukusonyeza mfotokozi, wopita pa mneni ukusonyeza muonjezi. Mwana amene wajambula mivi khumi yotere amaleka kuyang'ana kumapeto kwa liwu, nayamba kuyang'ana chiganizo chonse. Ngati wakabaza ndiye amene ana amamuona tsiku lililonse pamsewu wa ku Mangochi, chiganizo chikhale cha wakabaza, osati cha ndege.

Pa "hard" ndi "hardly" langizo langa ndi lakuti musawaphunzitse tsiku limodzi koyamba. Mawu aŵiri ofanana maonekedwe akaloŵa m'mutu nthaŵi imodzi amaphatikana, ndipo mwana amangokumbukira kuti panali chenjezo koma osakumbukira kuti linali la uti. "Hard" ayambe wakhazikika: "work hard", "study hard", "try hard", "rain hard". Patapita nthaŵi mubweretse "hardly" ngati mlendo wochokera kwina, pamodzi ndi abale ake enieni, "never", "seldom" ndi "almost not", ndiponso m'timagulu timene amayendamo: "hardly any water", "hardly ever", "can hardly walk". Akafika Sitandade 7 kapena 8, pamene mayeso a PSLCE akuyandikira, ndiye muwaike pamodzi ndi ziganizo za mvula zija. Chimodzimodzi "late" ndi "lately".

Njira yachangu yodziŵira ngati amvetsa ndi kuwafunsa kuti anene chiganizocho m'chiyankhulo chawo. Lembani "My uncle hardly eats fish" ndipo mufunse ngati amalumewo amakonda nsomba. Theka la kalasi likavomera kuti amazikonda kwambiri, mwadziŵa pamene ntchito ili. Ngati inu simudziŵa Chiyao, lolani mwana mmodzi afotokozere anzake m'Chiyao, wina abwereze m'Chicheŵa kuti inu mumve. Mphindi ziŵiri zimenezo sizichotsa kanthu pa phunziro la Chingerezi.

Peŵani kulemba "fastly" pabolodi ndi zilembo zazikulu n'kumukhwatcha, kenaka n'kumusiya pomwepo phunziro lonse. M'kalasi lodzaza, ana akumbuyo saona bwino mzere wokhwatchawo, ndipo amakopera zonse zimene zili pabolodi. Ngati mwamulemba, mufufuteni msanga. Chokhalitsa pakhoma chikhale tchati cha mawu olondola okhaokha, osapitirira khumi, lililonse m'chiganizo chake. Katoni yakale ndi makala zimakwanira.

Pochonga makope, zolakwa ziŵirizi musazipatse chilango chimodzi. Pa "fastly" khwatchani -ly yekhayo, osati liwu lonse, kuti mwana aone kuti adasankha liwu loyenera ndi malo oyenera. Pa "hardly" kukhwatcha sikukwanira, chifukwa mwanayo adzaona liwu lomwelo m'buku loŵerenga nadzaganiza kuti inu ndi amene mudalakwitsa. Lembani m'mbali funso lalifupi, monga "Does she work or not?", ndipo pobweza makope mumuitane ayankhe pakamwa, kenaka alembenso chiganizocho pansi pa chakalecho.